Simenti ya Firmin

Firmin Cazalbou ndi mmisiri womanga, ndipo ndamudziwa kuyambira tili ana asukulu kwathu kuno, kumwera kwa France. Sukulu inamukana msanga. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anayamba kukankha wilibala ya bambo ake, ndipo asanakwanitse makumi atatu anali ndi kalole kakekake kolembedwa dzina pachitseko. Anakwatira Huguette, nabereka ana aakazi awiri omwe pano ali ku Toulouse. Huguette anatisiya zaka zisanu zapitazo.

Mu 1979 khonsolo inamupatsa ntchito yomata linga lakumpoto la tauni yathu, lomwe makolo anamanga zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo. Masiku amenewo aliyense ankalumbirira simenti. Laimu ankati ngwa agogo, wochedwa kuuma, wa anthu osafuna chitukuko. Firmin anatseka mipata yonse ya pakati pa miyala ndi simenti yolimba gwa, kuchokera pachipata mpaka pakona ya kumanda. Tsiku lomaliza, pamwamba penipeni, simenti ikadali yaiwisi, analemba ndi msomali kuti F. CAZALBOU 1979. Meya anakonza phwando, ndipo ine ndinawomba nawo m'manja.

Koma linga limapuma. Laimu amalola chinyezi kutuluka, pomwe simenti imachitsekera mkati. Chisanu chikafika madzi aja amaundana, mwala n'kumasweka pang'onopang'ono. Patapita zaka makumi atatu miyala inayamba kuyoyoka ngati buledi wa dzana, simenti yokha ili chiimire.

Ndiye kunayamba kubwera anthu ongodzipereka. Chaka chilichonse mu Julayi amafika khumi ndi asanu kapena kuposa, ophunzira, anamwino, aphunzitsi ali patchuthi, kudzagona m'matenti pabwalo la sukulu n'kumakonza linga osalandira kanthu. Ine ndimawaphikira. Wowaphunzitsa ntchito ndi Firmin, poti ndiye yekha watsala amene anaona bambo ake akusakaniza laimu ndi mchenga wa kumtsinje. Amawaonetsa kugoneka mwala momwe unagonera m'phiri, ndi kufunditsa matope atsopano masaka onyowa kuti dzuwa lisawang'ambe. Amamukonda kwambiri. Koma ntchito yawo yaikulu ndi kugomola simenti yakale ija ndi hamala ndi tchizilo, ndipo pogomolapo amatukwana amene anaimata. Tauni yonse ikumudziwa munthuyo. Palibe anaulula, ndipo Firmin mwini wake anakhala chete zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka chino nsanja yokwerapo inafika pakona ya kumanda, pansi pa dzina lija.

Pagululo panali Noémie wa ku Lille, wophunzira zojambula mapulani a nyumba, amene anabwera kachitatu ndipo Firmin amamunyadira kuposa onse. Mtsikanayu pakamwa m'poyabwa. Tsiku lina pankhomaliro anatambasula manja kuonetsa matuza.

"Ine munthu ameneyu nditamupeza, ndingamudyetse simenti yakeyo ndi supuni," anatero. "A Firmin, mbuli imeneyi munkaidziwa?"

"Ndinkaidziwa," anayankha Firmin. "Idya, supu akuzizira."

Ataweruka, Firmin anabwera kukhitchini kudzasamba m'manja, ndipo sindinamunyengerere.

"Iwe nkhalamba, mawa anawa afika pamwamba paja. Ukalawire wekha ukagomole, kumenya kawiri kokha zatha. Apo ayi uwauze."

"Solange, senda mbatata zakozo."

"Mlandu suola, Firmin."

"Ndati senda mbatata, mayi iwe. Ya linga isiyire amisiri."

Ndinapsa mtima, komanso ndinamumvera chisoni. Munthu mkazi anamwalira, ana ali kutali, chimene chimamudzutsa m'mawa ndi ana a eni akewa kumutchula kuti mphunzitsi. Akanamunyoza, sakanatsala ndi kanthu.

M'mawa mwake cha m'ma teni ndinawapititsira khofi. Ndinapeza Firmin ali pamwamba pa nsanja, chonsecho adokotala anamuletsa makwerero chifukwa cha mawondo. Anali ataitana onse. Anapala ndere ndi burashi yawaya mpaka zilembo zinaoneka.

"Noémie, tawerenga apa. Mokweza, apansiwo amve."

Noémie anawerenga dzina lonse ndi chaka chomwe. Nkhope inagwa.

"Pepani, a Firmin. Sindimadziwa."

"Supuni ija wabweretsa?"

Awiri atatu anaseka mwamanyazi. Noémie sanaseke.

"Apa pokha tipasiye," anatero. "Imeneyinso ndi mbiri ya lingali."

"Mbiri yanji? Madzi akulowera pomwepa. Tagogoda umve."

Mtsikanayo anagogoda ndi mpini wa hamala, ndipo panalira ngati mtsuko wopanda madzi.

"Wamvatu. Gomola."

"Gomolani ndinu, a Firmin."

"Ayi mwana wanga, manja anga anagwirapo kale apa."

Noémie anaika tchizilo m'mphepete n'kumenya katatu. Simenti inamatuka chathunthu, dzina ndi chaka zili pomwepo. Kumbuyo kwake kunalibenso mwala, ufa wokhawokha womwe unakhuthukira pansapato zawo. Firmin analowetsa dzanja m'dzenjemo mpaka m'chigongono.

"Mwala uwu unapirira nkhondo ndi chisanu zaka mazana asanu ndi awiri," anatero. "Ine ndaupha m'zaka makumi anayi. Ndipo sindinabe simenti, sindinachite ulesi, ndinagwira ndi mtima wonse. Onse ankati ndakhoza."

Noémie anafuna kusunga chidutswa chija, koma Firmin anamulanda n'kuchiponya pansi pamulu wa zogomoka, ndipo chinasweka patatu. Ine misozi inatuluka, ketulo ya khofi ili m'manja, chifukwa ndimadziwa kuti palibe ntchito ina imene anainyadirapo ngati imeneyo.

Firmin anatsika makwerero pang'onopang'ono, osayang'ana munthu, n'kulunjika yekha pamene timaunjika miyala yatsopano. Kenaka Noémie anatola tepi, nayeza dzenje lija, n'kusuzumira pansi.

"Aphunzitsi!" anakuwa. "Masentimita makumi anayi m'litali. Mundidikire, tikasankhe limodzi."

Firmin anaima, namudikira.