Tsiku Limene Womasulira Ananena Mawu Ake

Misonkhano ndapita yambiri. Pa zaka za chipani chimodzi munthu sunkasankha. Achinyamata ankatseka msika n'kutikusa ngati mbuzi kupita kubwalo la sukulu. Ife tinkakhala padzuwa, alendo pamthunzi. Akakweza mawu tinkawomba m'manja, akatsitsa tinkapukuta thukuta. Zimene ankanena sindikumbukirako n'chimodzi chomwe. Mawu amene ndasunga mpaka lero ananenedwa pakhomo panga, tsiku la maliro, ndi munthu amene sindinkamuwerengera.

Kwathu ndi ku Chapananga. Sukulu ndinalekezera kupulayimale, ndipo sindinachitepo nazo manyazi. Ndinatsikira kufupi ndi Chiromo ndi mkazi wanga, ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Ndinkanyamula thonje la anthu kupita kumsika, mapira, njerwa, nthawi zina odwala. Anthu ankangonditchula kuti a ngolo. Mudzi unatilandira, unatipatsa malo omanga ndi dimba. Koma kumanda tinalibe mbali.

Pamudzipo banja lililonse linali ndi mbali yake kumanda. Wobwera akamwalira ankamunyamula kupita kwawo, pokhapokha mwini mbali wina atavomera kuti ndi wake. Kuvomerako sikunali kwa pakamwa. Munthuyo ankatenga khasu n'kutema nthaka koyamba, adzukulu n'kupitiriza kukumba. Ndipo wotema khasu loyambayo ankasenza otsala onse a womwalirayo ngati abale ake enieni, pa njala, pa matenda, pa milandu, mpaka imfa yawo. N'chifukwa chake khasu limenelo anthu sankalithamangira.

Pamisonkhano ija alendo ankalankhula Chichewa, pamene amayi ambiri ndi okalamba ankamva bwino Chisena. Ndiye panali bambo wina wamfupi, wa jekete limodzi lotuwa, amene ankaima pambali n'kumamasulira. Mlendo akakalipa, iye ankakalipa. Mlendo akaseka, iye ankaseka nthabwala isanathe. Tinkamutcha chimkuzamawu. Ine ndinkamunyoza poyera, iye sankakwiya.

“Achimkuzamawu,” ndinkatero tikakumana panjira, “lero mukubwereza za yani?”

“Za ng'ombe zanu, a ngolo. Zikuti mwini wathuyu mkwapulo amaudziwa, madeya sawadziwa.”

“Kodi kunyumba akazi anu akati mchere watha, mumabwerezanso?”

“Ndimabwereza m'Chisena, kuti uthe kawiri.”

Ankaseka yekha. Ine sindinkaseka. Mwamuna wopanda mawu ake ndinkamuona ngati mgolo wopanda madzi.

Kenako nkhondo inakula m'dziko la tsidya lija la mtsinje wa Ruo, anthu n'kuyamba kuwoloka. Boma linalamula kuti othawa nkhondo onse azikhala kumsasa, osati m'midzi. Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza nkhalamba ziwiri pansi pa mtengo wa masau, mwamuna ndi mkazi wake. Mwamunayo mapazi anali atatupa ngati maungu. Ana awo anali atabalalika ndi nkhondo, osadziwika kumene ali. Ndinawakweza pangolo. Ndinati akhale kwanga mpaka mapaziwo aphwe.

Mapazi sanaphwe. Anakhala m'khitchini mwanga kuchokera nthawi yokolola mpaka nthawi yotentha. Mudzi wonse unkadziwa, n'kumayang'ana kumbali. Mkuluyo sankafuna kudya chakudya chaulere. Ankakhala pakhomo kuluka mikeka ya mlaza, mkazi wake akumung'ambira masamba. Ndinamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Tinkalankhulana pang'ono, iye Chisena, ine Chichewa, ndipo zinkatikwanira.

Mkuluyo anamwalira m'mawa, mwezi uja wotentha mvula isanagwe. Kuchigwa kuno nyengo imeneyo mtembo sudikira munthu. Amfumu anali gone kuchipatala, ndiye nkhani inagwera atcheya a nthambi ya chipani. Anthu anadzaza pabwalo langa. Amayi anali m'khitchini ndi namfedwa. Adzukulu anakhala mumthunzi wa khola, makasu ali pansi, akudikira kuuzidwa pokumba.

Atcheyawo sanali munthu woipa. Anali ndi mantha, ndipo mantha awo anali ndi chifukwa. Anaimirira, chipewa chili m'manja.

“Abale anga, lamulo mukulidziwa,” anatero. “Tikaika munthuyu kuno, tavomera kuti tinkamusunga. Mawa galimoto ya boma ibwera, ndipo woyamba kukwera ndine. A ngolo anabwera naye pangolo, apite naye pangolo kumsasa. Kumeneko kuli malo awo.”

Kumsasa unali ulendo wa tsiku lonse pa ng'ombe, padzuwa limenelo, ndi mtembo. Ndinaimirira. Ine si wolankhula.

“Ng'ombe zanga sizipita,” ndinatero.

“Ndiye mumuika pati, achimwene? Muli ndi mbali?”

Ndinalibe. Ndinayang'ana eni mbali mmodzimmodzi. Wina ankakanda phazi, wina ankayang'ana nkhuku. Sindinawadzudzule mumtima. Chaka chimenecho kunali njala, anthu ena ankadya nyika, mizu ya m'dambo, ndipo wotema khasu akanatenga nkhalamba yowonjezera pakhomo pake, ndi galimoto ya boma pamwamba. Ndinakhala pansi.

Atcheya anakodola womasulira uja. “Kawauzeni mayiwo.”

Anawatulutsa mayiwo pakhomo la khitchini. Womasulira anagwada patsogolo pawo n'kubwereza zonse m'Chisena, osachotsapo kanthu. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire. Anangoti, “Ndapyibva,” kutanthauza kuti amva. Kenako anapempha chinthu chimodzi.

“Akuti chiyani?” anafunsa atcheya.

“Akuti mkeka uja amuna awo sanamalize kuluka, muwapatse. Akufuna awafunditse panjira, dzuwa lingawawotche.”

Womasulira anakhalabe chogwada kanthawi. Kenako anaimirira, anavula jekete, analipinda n'kuliika pamtondo. Ndinali ndisanamuonepo wopanda jeketelo. Malaya ake anali ong'ambika kumsana konse.

“Zikomo atcheya. Zikomo amayi ndi abambo,” anatero. “Mumandidziwa. Ndakhala ndikunyamula mawu a anthu ngati mmene ng'ombe za a ngolo zinyamulira thonje, katundu wosakhala wanga. Lero ndikupempha ndinene anga. Ndi ochepa.”

Wina kumbuyo anati, “Chimkuzamawu chayaka chokha lero!” Anaseka awiri atatu. Iye anamwetulira pang'ono n'kupitiriza. Ankanena m'Chichewa, n'kudzimasulira yekha m'Chisena, kuti namfedwa asatsale.

“Mayi anga anawoloka Ruo ine ndili kumsana, akuthawa chikoti cha Apwitikizi. Kuno analibe m'bale. Analima maganyu, anaphika mchere, anandikuza. Atamwalira, ine ndili wamng'ono, anthu anakhala pabwalo ngati mmene takhaliramu. Makasu anali pansi ngati awa. Ine ndinkayang'ana makasuwo. Sindinkadziwa lamulo lililonse, ndinkangodziwa kuti mayi anga ayamba kununkha ndipo palibe akuimirira.”

Amayi m'khitchini analeka kulira.

“Kenako bambo wina anaimirira. Nkhokwe yake sinali yodzaza kuposa za ena. Anatenga khasu. Madzulo ake ananditengera kwawo. Ndinadya mbale imodzi ndi ana ake. Anandipititsa kusukulu ya mishoni. Chichewa chimene mumandiseka nachochi ndinachiphunzirira pakhomo pake. Kambali kamene ndili nako kumanda lero anachita kundidulira pa mbali yake.”

Dzina sanatchule. Sipanafunike. Akuluakulu onse ankadziwa kuti bamboyo anali bambo awo a atcheya. Atcheyawo anali atazolika, akupotokola chipewa.

“Sindikunena kuti atcheya alakwa,” anapitiriza. “Galimoto imabweradi, tonse tinaionapo. Ali ndi ana, ndipo akutiteteza mmene akudziwira. Koma tayang'anani amene mwakhala nayeyo. Ndi angati pano amene agogo awo anabadwira tsidya lino? Tonse tinafika mapazi atatupa. Wina anatipatsa madzi, wina anatikumbira manda. Ine ngongole ya khasu ndayenda nayo mu jekete ili zaka zonsezi. Galimoto ikabwera, ifunse amene watema nthaka. Si atcheya. Si a ngolo. Mudzanene kuti ndi chimkuzamawu.”

Anathera pomwepo. Anapita kukhola, anawerama n'kutola khasu la mmodzi wa adzukulu.

Palibe anawomba m'manja. Adzukulu anaimirira mmodzimmodzi, n'kumutsatira. Atcheya anavala chipewa chawo n'kunena mokweza, kuti aliyense amve, “Ine ndikupita kudimba, mbuzi zalowa m'chimanga. Zochitika kuno sindikuziona.” Anapitadi. Koma ufa woyamba kufika pamaliropo unachokera kunyumba kwawo, pamutu pa akazi awo.

Ndinapita nawo kumanda kukaona ndi maso anga. Womasulira anaima pafupi ndi mtumbira wa mayi ake, pansi pa mtengo wa bwemba. Nthaka inali youma ngati njerwa. Anatema koyamba, khasu linadumpha. Munthuyo sanali wa khasu, manja ake anali ofewa. Anatemanso, mpaka dothi linagamphuka. Mkulu wa adzukulu anamulanda khasulo n'kuti, “Basi, bambo, mwamaliza yanu. Mungatithyolere mpini.”

Ng'ombe zanga zinanyamula malirowo, ulendo waufupi. Tinaika dzuwa lisanapendeke. Mkeka wosamaliza uja unalowa nawo m'manda. Pobwerera, namfedwa anagwira dzanja la womasulira ndi manja awiri n'kumuthokoza m'Chisena kuti, “Takhuta, mwananga.” Iye sanamasulire. Tonse tinamva.

Galimoto inabweradi. Atafunsa, anthu anayankha monga anawauzira, ndipo iye anali ataima kale panjira, jekete atavala. Anapita naye kuboma. Anabwerako patapita masabata, ataonda, akutsimphina pang'ono. Zimene zinachitika kumeneko sananene, ifenso sitinafunse. Pamisonkhano sanamuitanenso. Anayamba kugulitsa milamba yowamba pamsika.

Masiku amene iye kunalibe, mkazi wake anabwera kwanga kudzatenga namfedwa uja. Ndinati akhoza kukhalabe m'khitchini mwanga. Anakana. “Khasu linatemedwa ndi akwathu,” anatero. “Awa ndi apongozi anga tsopano.” Mwamuna wake atabwera anawamangira kanyumba kuseri kwa yake, ndipo ankawatchula kuti mayi. Za kumsasa palibe anazitchulanso. Nanga munthu angatenge mayi wa mwini mbali kupita nawo kumsasa?

Dengu la nsomba la womasulira uja linali ndi malo pangolo panga tsiku lililonse la msika. Tsiku lina tili panjira anandifunsa, “A ngolo, bwanji simunditchulanso dzina langa lija?”

“Linatha.”

“Ndimalisowatu. Ng'ombe zanuzi zikadali ndi madandaulo, zikusowa wozinenera.”

Tsiku limenelo ndinaseka.

Tsopano ndakalamba, ndipo pamaliro ndi pamaukwati amandipempha kuti ndilankhule. Ndimanena mawu ochepa. Ndisanatsegule pakamwa ndimadzifunsa ngati msana wanga ungasenze zimene ndikufuna kunenazo. Ngati sungathe, ndimakhala chete. Adzukulu anga amabwera ndi nkhani za anthu olankhula bwino amene awamva pa wailesi, akuti amafika pamtima. Sinditsutsa. Ndimangowauza kuti adikire munthuyo amalize, aone chimene atole pansi. Chinanso chimene ndinaphunzira n'chakuti womasulira uja sanachititse manyazi munthu aliyense tsiku lija. Atcheya anawasiyira njira yopitira kudimba. Eni mbali sanawaloze chala. Katundu anadzisenzetsa yekha, ndiye chifukwa chake anthu anamutsatira.

Nkhondo itatha tsidya lija, anthu ambiri anabwerera kwawo. Mayi aja anafunsidwa ngati akufuna kupita nawo. Anati nkhabe, sapita. Anali ndi manda oti azisesa pansi pa bwemba, ndi zidzukulu zoti azikalipira. Anakhala nafe zaka zingapo.

Tsiku limene mayiwo anamwalira sipanakhale msonkhano. Adzukulu anangonyamula makasu awo m'mawa n'kupita kumanda. Pokumba ankapadziwa kale.