Chigayo Chimene Mwini Wake Sanabwere

Amayi anali munthu woti akatola singano panjira ankayenda nayo khomo ndi khomo kufunsa mwini wake. Ife ana tinkatopa nazo. Chaka china nkhuku ya eni inalowerera n'kuyamba kuikira kuseri kwa nkhokwe yathu, koma dzira ngakhale limodzi sitinalawe, chonsecho ndiwo zinali chigwada masana, chigwada madzulo. Nkhukuyo inafungatira, inaswa, anapiye anakula akudya gaga wathu, ndipo mwini wake atapezeka ananyamula banja lonse. Ife tinatsala ndi zitosi. Amayi ankangoti chinthu chotola chili ndi munthu amene akuchilira kwinakwake, ndipo ashehe anawaphunzitsa kuti wotola ayenera kulengeza mpaka mwiniyo amve.

Kwathu ndi mudzi wina wa kufupi ndi Mitande. Masiku amenewo chigayo chinali ku Mandimba, ulendo woti ukasenza chimanga m'mawa umabwerako khosi litalowa m'mapewa. Mvula ikayamba mtsinje unkadzaza, basi aliyense kubwerera ku mtondo. Amayi anasinja moyo wawo wonse mpaka phewa lakumanja linawakana. Ine ndinali nditakwatiwa ku Cuamba, ndikugulitsa tomato pamsika, ndipo ndinkabwera kwathu nthawi yokolola. Ndinkawaona akunyamula munsi ndi dzanja lamanzere, lamanja likungotsatira, nkhope atayang'ana kumbali kuti ndisaone.

Amayi a m'mudzimo anali ndi gulu lolima chinangwa pamodzi, ndipo mtsogoleri anali amayi anga. Sukulu sanapiteko. Anawasankha chifukwa panalibe amene akanawakayikira pa kanthu kalikonse, ndipo nkhani ya nkhuku ija mudzi wonse unkaidziwa.

Tsiku lina chakumapeto kwa chilimwe, ine nditapita kwathu kukacheza, kunabwera tekiniku, mlangizi wa bungwe lina lothandiza mabizinesi a kumidzi. Anali mtsikana wa ku Cuamba, wabwera pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Ankalankhula Chipwitikizi ndi Chimakua, Chinyanja chake chinkathera pa moni. Womasulira anadzipereka okha amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anagwirapo ntchito ya njanji ku Cuamba ndipo ankakhulupirira kuti Chipwitikizi chawo ngakhale Apwitikizi eni ake angachisirire. Mtsikanayo anafotokoza kuti bungwelo likufuna kuthandiza gululo kugula chigayo, kuti likhale ndi bizinesi yakeyake komanso mudzi upume. Amayi onse anaomba m'manja. Kenako ananena mawu awiri amene sindidzawaiwala, akuti chithandizocho ndi cha *fundu peridido*.

Amalume anatsokomola, n'kukonza chipewa.

"Akuti ndalama zake ndi zotayika."

Manja aja anazizira. Amayi anga anafunsa modekha kuti zinatayikira kuti, nanga anataya ndani. Amalume anapereka funsolo, mtsikana uja anamwetulira n'kuyankha mwachidule, ndipo amalume anatembenuka monyadira.

"Akuti musavutike, simudzabweza kwa munthu aliyense."

Pamenepo amayi anadzuka, anakutumula chitenje chawo, chimene kwathu timati kapulana, anatsanzika mwaulemu n'kumapita. Mtsikanayo anangoti kukamwa yasa, osadziwa chimene walakwa. Ine sindikanamuthandiza. Chipwitikizi changa chinali cha pamsika, ndipo *peridido* ndinkamudziwa pa mbuzi yosochera ndi mwana wosowa basi.

Ndisaname, mtima wanga sunali pa halali ndi haramu, zololedwa ndi zoletsedwa m'chipembedzo, ngati wa amayi. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chidwi. Ndi anthu amtundu wanji amene angataye ndalama zogulira chigayo chathunthu osatembenuka n'komwe? Ankaziika m'thumba lotani? Mudzi wonse unali pa funso lomwelo, ndipo mayankho sanachedwe. Ena ankati zinagwa m'ndege. Ena ankati kunamwalira munthu wolemera wopanda mwana ndipo abale ake akuziopa. Amayi ena achikulire anatikumbutsa kuti munthu akafuna kuchotsa matenda amakasiya kandalama pamphambano kuti wotola atenge zonse, ndiye matenda ofuna ndalama za chigayo ayenera kukhala aakulu zedi. Amalume ankayendayenda akutsimikizira aliyense kuti iwo anamasulira ndendende, ndipo kunena zoona sananame.

Vuto linali lakuti gululo linakana kupitiriza popanda amayi. Ankati kiyi wa chigayo angasunge ndani wina? Mtsikana uja anatumiza uthenga kuti yankho likufunika mvula isanagwe, chifukwa msewu ukaonongeka galimoto silingafike, ndipo tikakana chigayocho chipita kwa gulu lina la ku Ngauma, cha ku Massangulo, limene linali likudikira. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana masana.

Anzawo a amayi ankabwera kudzawanyengerera, iwo ankangowayalira mkeka n'kuwamvetsera. Ine ndinkadziwa kuti m'mudzi monsemo palibe amene ankachifuna chigayocho kuposa iwo. M'mawa wina ndinawapeza ataima pa mtondo, munsi uli pansi, akusisita phewa. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti afera pa mtondo chifukwa cha munthu amene sakumudziwa n'komwe. Anatembenuka n'kundiyankha.

"Ndiye tiye tikamudziwe. Ku Cuamba si ndiye kwanu?"

Tinakwera shapa, minibasi zathu zija zimene sizidzaza. Amayi ananyamula kadengu ka mtedza, akuti kopepesera mwini ndalama chifukwa anthu anali atayamba kale kuziwerengera. Njira yonse ankayang'ana pawindo, kadengu kali pamiyendo, ndipo aliyense wovala bwino amene tinkamupitirira ankamuyang'anitsitsa ngati angaoneke kuti akusakasaka kanthu.

Ofesi ya bungwelo inali kanyumba kokhala ndi zipinda zochepa. Mtsikana uja atationa anasangalala, n'kuthamanga kukaitana mnzake wa ntchito, bambo wachikulire wodziwa Chiyao, chimene amayi ankachilankhula ngati Chinyanja. Bamboyo anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono kuti palibe amene anagwetsa kanthu panjira. Mawuwo amangotanthauza kuti opereka amaziona ngati zachoka m'manja mwawo, sayembekezera kuti zidzabwerera. Amayi anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye ndi sadaka, chopereka chachifundo, ndipo bamboyo anati tingatero. Ine ndinapumira m'mwamba, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Amayi ndinali ndisanawadziwebe.

Anafunsa dzina la wopereka sadakayo kuti azimupempherera. Bamboyo anati si munthu mmodzi, ndi anthu ambirimbiri a dziko lakutali, amene boma lawo limatapa pang'ono pa msonkho wa aliyense. Amayi anafunsa ngati anthuwo akudziwa kuti ku Mitande kulibe chigayo. Bamboyo anaseka n'kuvomera kuti ambiri sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Mitande.

"Ndiye sakudziwa kuti apereka?"

"Ambiri sakudziwa, mayi."

"Ndiye zatayikadi."

Mtsikana uja atamasuliridwa anaseka mpaka kugwira tebulo, ndipo ine ndinaseka naye, koma ndinaona chigayo chikukwera phiri kupita ku Ngauma. Amayi sanaseke. Ankatembenuzatembenuza mtedza umodzi m'zala. Panja sitima inalira. Kenako anandifunsa ngati ndikuikumbukira nkhuku ija. Anati nkhukuyo sanaithamangitse, anaisunga, anaidyetsa, ndipo mwini wake anaipeza yonenepa. Chigayo kudya kwake ndi kugaya, chikangokhala chimachita dzimbiri. Choncho achilandira, koma ngati wosungira eni. Ndipo poti nkhope ya mwini wake sakuidziwa, mlendo aliyense wosadziwika amene adzafike pa chigayopo adzagayitsa osalipira, kuopa kulipiritsa munthu pa chinthu chake.

Bambo uja anati zimenezo ndi za gulu, ofesi ilibe nazo mawu. Mtedza uja anadya a mu ofesimo, amayi atawauza kuti akadzabwera mwini wake adzamuuze kuti unalipo.

Chigayo chinafika mvula yoyamba itangowaza fumbi. Tsiku lochiyatsa, anthu atadzaza, amayi anaima pakhomo n'kulengeza m'Chinyanja ndi m'Chiyao kuti pano pali chinthu cha eni, amene anataya abwere adzaone, chikusamalidwa bwino. Anthu anaseka, ana anaombera m'manja, amalume anamasulira m'Chipwitikizi popanda wowapempha. Amayi anapitiriza kulengeza Lachisanu lililonse anthu akamatuluka mu mzikiti, mpaka aliyense anazolowera. Sindinawamvepo akunena kuti chigayo chathu. Ankati cha eni.

Ine chidwi changa sichinathe. Ndikabwera kudzacheza, funso loyamba linali lakuti kodi wabwera? Ndinkamuganizira ngati mzungu wamtali wa chipewa chachikulu, atagwira thumba lobooka. Amene ankabwera anali ena. Mayi wochokera kutsidya kwa malire ali ndi mwana kumsana, asodzi a ku Amaramba opita kumaliro, munthu wina wozungulira mutu amene anabweretsa chimanga m'malaya. Amayi ankawayang'ana onsewo mwachidwi chomwecho, kuwapatsa mpando, n'kuwagayira. Panali ochenjera ena amene ankazungulira njira kuti aoneke ngati alendo, ndipo anzawo a m'gulu ankadandaula kuti dizilo sagulidwa ndi ulemu. Amayi ankangoti wonamayo adziwa yekha.

Amayi anamwalira phewa lawo litapumako zaka zingapo. Atangoikidwa, ine ndinasiya kubwera kwathu. Panalibe mkangano, kungoti nyumba yopanda iwo inkandilemera. Zaka zinapita. Kenako banja langa la ku Cuamba linatha, mosakoma, ndipo ndinabwerera kumudzi ndi ana anga mwezi wa njala, nditaonda moti ngakhale amalume anandiyang'ana kawiri. Ndinali ndi manyazi aakulu. Ndinkadutsa njira za kuseri kuti ndisakumane ndi anzawo a amayi.

Mlamu wanga anandigawira kachimanga, ndinakamanga m'kapulana n'kupita ku chigayo masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene ndinkadziwa kuti kulibe anthu. Chinali pomwe paja, malata atachita dzimbiri, khoma litayera ndi ufa. Woyendetsa anali mayi wachitsikana amene anakwatiwa m'mudzimo ine nditachoka, ndipo sitinkadziwana. Analandira mtolo wanga n'kuthira. Ine ndinayamba kumasula mfundo ya pa nsonga ya nsalu, pang'onopang'ono, ndikudziwa kuti zimene zilimo sizikwana, ndikukonza mawu opepesa. Iye anandigwira dzanja.

"Siyani, mayi. Kuno mlendo salipira. Mwina ndinu eni ake."

Ndinamufunsa amene anamuphunzitsa zimenezo. Anapukusa mutu, akupukuta ufa m'nsidze.

"Kaya. Ndinangopeza zili choncho."

Ndikanatha kumuuza. Koma anali atandikokera kale mpando, ndipo ankandiyang'ana mwachidwi chimene ndinkachidziwa bwino. Ndinakhala pansi. Anayatsa injini, nyumba yonse inanjenjemera, ndipo ndinalira momasuka kwa nthawi yoyamba chibwerereni, chifukwa m'phokoso limenelo palibe amene akanandimva. Atamaliza anandimangira ufawo yekha, anandisenzetsa, n'kundifunsa ngati njira ndikuidziwa.