Waya wa mabuleki a ababa

Ndinachoka ku Kachulu chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, matemba atasowa. Ine ndi anzanga awiri, Yohane ndi Sitima, tinagwirizana kuti kabandi kathu kakayesere mwayi ku Limbe. Banjo yanga inali ya chitini cha mafuta, koma nsambo zake zinali zitaduka. Tsiku lonyamuka ndinasolola waya wa mabuleki panjinga ya ababa, yomwe ankapitira ku Zomba kukagulitsa nsomba, n'kumumasula kuti akhale nsambo. Ndinapita osatsazika.

Ku Limbe tinadzitcha Matemba Jazi. Tinkaimba m'mabala, malipiro ake chikho cha masese ndi kuombera m'manja. Tsiku lina anyamata achipani anatimeta pamsika chifukwa cha tsitsi lalitali. Yohane, yemwe luso lake lonse linali m'tsitsimo, anakalowa ulonda. Sitima anakwatira mayi wogulitsa zitumbuwa, ng'oma yake n'kusanduka mpando. Bandi inatha isanakwanitse miyezi isanu. Ndinatsala ndekhandekha ku Bangwe, kunyamula matumba pamsika, manyazi akundikaniza kubwerera. Kwathu ndinkakusowa koopsa.

Patapita chaka, mlongo wanga Esitere analemba kalata: "Ababa agwa ndi njinga pamtsetse pochokera ku Zomba. Sakuyenda." Ndinadziwa amene anawagwetsa. Ulendo wonse ndinkangoganiza kuti ndikapeza maliro.

Ndinapeza madzi atabwerera m'nyanja, matemba ali mbwee pamphasa. Ababa anali pansi pa mtengo wa mango, mwendo womangidwa ndi timitengo, akusoka ukonde. Ndinagwada n'kuika banjo pamapazi awo.

"Ababa, waya uja ndi uyu. Ndakugwetsani ndine."

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Lufeyo, ukuyesa ndine chitsiru chotsika Zomba popanda mabuleki? Waya ndinagula wina sabata lomwelo. Yandigwetsa ndi mbuzi ya eni ake."

Ndinakhala pansi ndi chimwemwe. Chaka chathunthu ndinadzizenga mlandu womwe kwathu kunalibe.

"Chinandiwawa si waya," anatero atasiya kuseka. "N'choti sunatsazike."

Ndinapepesa, misozi ili m'maso. Anakankhira banjo ija kwa ine ndi mwendo wabwinowo.

"Tsono imba, timve zomwe waya wanga anakaphunzira kutauni."