Maola Khumi ndi Awiri a Nthiti za Bambo

Bambo anga asenza matumba a simenti zaka makumi awiri osajombapo, chifukwa kuntchito kwawoko ukajomba, malo ako amatenga wina tsiku lomwelo. Lolemba m'mawa anagwa pa lole, nthiti zitatu n'kuthyoka. Kupuma kunali nkhondo, kutsokomola ndiye osayerekeza.

Kuchipatala adokotala anawabaya jakisoni kumsana, pafupi ndi mtsempha wopita kunthitizo. Posakhalitsa bambo anakoka mpweya wodzaza chifuwa, misozi ikulengeza m'maso.

"Sikuti mwachira, bambo," anatero adokotala. "Tangougoneka mtsemphawo kuti muzipuma bwino. Nthiti zikadali zothyoka."

"Ugona maola angati?" anafunsa bambo.

"Mwina khumi ndi awiri."

Ndinawagwira mkono bambo, kuwachonderera kuti asapite kuntchito mpaka mawu kundithera. Iwo anangoyang'ana wotchi yapakhoma, n'kundiuza kuti ndiwapatsire nsapato zawo zantchito.