Ngolo ya Boti la a Isaki

Kumunsi kwa chigwa cha Domasi, komwe mtsinje umasochera m'mabango usanafike m'nyanja ya Chilwa, aliyense amadziwa kuti a Isaki amatsitsira okha boti lawo m'madzi. Asodzi ena amaitana anzawo kuti anyamulizane. A Isaki ali ndi ngolo ya magudumu awiri a njinga yamoto imene anawotcheretsa pa Songani, ndipo anthu amawatama nayo.

Dzina la akazi awo, a Christobel, silimveka pa nkhaniyi. Madzi a Chilwa ndi amchere, amadya chitsulo. Ngolo ikabwera kuchokera kudooko, iwo ndiwo amatunga madzi pamjigo n'kuitsuka matope, amapaka girisi ndi chala m'kati mwa magudumu, amamiza chubu m'beseni kufuna pamene pakutuluka thovu. Achita zimenezi kuyambira mwana wawo Mwayi ali kumsana, ndipo lero ali pabanja ku Naisi. Koma boti lenilenilo anali asanaligwirepo. Apongozi awo aamuna ankati mkazi akakhudza boti, nsomba za makumba zimathawa. A Isaki, mkulu wa mpingo, ankati zimenezo n'zachikale, komabe boti ankatsuka okha.

Chaka chatha m'chilimwe a Isaki anagwa pa njinga pochokera ku Malosa, nathyoka mwendo. Boti linatsala pa ngolo kuseri kwa nyumba, dzuwa likuliwamba. Matabwa anayamba kulekana. A Christobel ankawerama pafupi n'kuona kuwala kukudutsa m'mipata, ndipo ankadziwa kuti thabwa likang'aluka ndiye kuti boti latha.

"Bambo a Mwayi, botili likufuna madzi."

"Ndamuuza Spencer. Abwera mawa."

"Mawa la achimwene anu aja lakalamba."

"Ndiye ndipite ndine, ndi chikhakhachi?" anatero a Isaki akugogoda mwendo wawo womangidwa. "Ingolithirani madzi apamjigo, chapatali."

Anathira chapatali. Madzi ankangodutsa ngati m'sefa.

Tsiku lina m'mawa, atawapatsa amuna awo madzi osamba ndi phala, anamanga chitenje m'chiuno n'kugwira mpini wa ngolo. Sinalire ngakhale pang'ono, moti a Isaki m'nyumbamo sanamve kanthu. Nyanja inali itaphwera kutali chaka chimenecho, ndipo njira inadutsa m'minda ya mpunga youma yong'ambika. Pokwera kamtunda ankaika mwala kuseri kwa gudumu, kupuma, n'kukokanso.

Padooko panali a Bashiru, msodzi mnzawo wa a Isaki, akusoka ukonde.

"Alamu, a Isaki adziwa zimenezi?"

"Adziwa madzulo."

"Nanga makumba akatithawa tonse?"

"Akuthawani kale, a Bashiru. Chidebe chanu n'chouma icho."

A Bashiru anaseka, koma sananyamuke.

A Christobel anali ataonerera kambiri amuna awo akutsitsa boti, iwo ali chiimire pamtunda ndi dengu. Anakhoma chikhomo m'matope, namangirira chingwe chachitali cha kumutu kwa boti. Anatembenuza ngolo n'kuikankha chambuyo mpaka madzi anafika m'maondo, kenaka anakweza mpini. Boti silinasunthe. Apa panalibenso zochitira chapatali. Anaika manja onse awiri pa thabwa lotentha lija n'kukankha ndi phewa. Linatsetsereka, linayandama pang'ono, kenaka madzi anayamba kulowa m'mipata monse mpaka linakhala pansi, m'mphepete mokha mukuoneka. N'zimene ankafuna. Anaikamo miyala kuti mphepo isalisunthe.

Atafika kunyumba anayamba watsuka ngolo, kenaka n'kulowa. A Isaki anayang'ana matope akuda m'miyendo mwawo nthawi yaitali.

"Mwaligwira?"

"Ndaligwira."

"Mfundo mwamanga yotani?"

"Yomangira mbuzi."

A Isaki anatembenukira kukhoma.

Patapita masiku a Christobel anabwerera kudooko ndi chigubu chodula. Anachotsa miyala n'kukapa madzi mpaka pansi panaoneka, kenaka anakhala pamtunda n'kumadikira. Matabwa anali atafufuma n'kugwirana, kupatula pamalo amodzi chakumbuyo pamene pankalowa madzi pang'ono. Anang'amba kansanza, nakasomeka ndi mpeni, madzi n'kuleka.

Madzulo anawauza amuna awo kuti pakufunika phula.

"Lili m'chitini pansi pa bedi," anayankha a Isaki. "Mulitenthe kaye lisungunuke. Musapake lozizira."