Zala za mayi Eulalie pa geti la padoko

Mayi Eulalie Pitre anayamba kuswa nkhanu ndi kuchotsa mnofu wake ali mtsikana wamng'ono, pa fakitale ya padoko m'tauni yathu ino ya kumwera kwa Louisiana, ku America. Anasiya tsitsi litayera, fakitaleyo itatsekedwa. Ana awo onse ndinawaphunzitsa ine mbiri yakale ku sekondale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerapo m'kalasi ali ndi njala kapena atavala malaya akuda, ngakhale kuti bambo awo anali atapita kalekale.

Bambowo, a Clovis, anali msodzi. Tsiku lina analowa panyanja, mphepo inatembenuka, ndipo chinapezeka ndi boti lokha. Mtembo sunaoneke. Motero mayi Eulalie alibe manda oti akalambule. Chimene anali nacho ndi nsonga ya mlatho wakale wamatabwa wa padokopo, wothera m'madzi pokocheza maboti, pamene anaona amuna awo komaliza akumasula chingwe. Chaka chilichonse, pa tsiku limene wansembe amadalitsa maboti nyengo ya usodzi isanayambe, mayiwa ankayenda mpaka kumapeto kwa mlathowo n'kuponya nkhata ya maluwa m'madzi. Ankaima pang'ono, kenako n'kubwerera kukaphikira ana.

Ndiye kunadza ndalama. Boma lalikulu la ku Washington linkapereka thandizo kwa apolisi a m'madera kuti ateteze madoko ku zigawenga. Mkulu wa apolisi wathu, Harlan, amene ndimamukumbukira bwino akuonera mayeso kumbuyo kwa kalasi yanga, anapempha ndipo anapatsidwa. Doko lathu ndi maboti a nkhanu, nyumba ya ayezi ndi thanki imodzi ya dizilo yadzimbiri. Chigawenga chofika pano ndiye kuti chasochera. Komabe Harlan anagula boti la injini zitatu, makamera, mpanda wautali wokhala ndi waya waminga pamwamba, ndi geti lotseguka pokhapokha munthu akaika chala pa kagalasi. Sanafunse aliyense. Pamsonkhano wa tauni ndinaimirira kuti ndilankhule, iye n'kunena kuti nthawi yatha.

Ofuna kulowa padoko ankayenera kukalembetsa zala kupolisi. Ndinawatenga mayi Eulalie pa galimoto yanga. Amene anali pa makinawo ndi Travis, wapolisi wamimba yaikulu, mwana wawo wa ubatizo. Mayiwo anaika chala. Makina anakana. Anaika china, anakananso. Travis anawapukuta zala, anawadzoza mafuta, koma ayi ndithu. Zigoba za nkhanu ndi madzi amchere zinali zitafafaniza mizere yonse, zala zili see ngati sopo.

"Amayi, makinawa sakukuonani," anatero Travis.

"Nanga iweyo sukundiona? Ndinakusintha matewera ine."

"Ndikuuzani abwana akakonza njira ina."

Njira inayo sinabwere. Ndinapita kwa Harlan kangapo. Nthawi zonse anali ku msonkhano, kapena panyanja kuyesa boti lake.

Tsiku lodalitsa maboti linafika. Mayi Eulalie anavala diresi lawo la buluu la kutchalitchi, nkhata ili m'manja, ine ndili pambali pawo. Asodzi anali atalowa kale, maboti awo atakongoletsedwa ndi mbendera. Pageti panaima Travis, thukuta lili kamukamu.

"Tsegula, mwana iwe."

"Sindingathe, amayi. Kamera iyo ikujambula. Ntchito indithera."

"Ndiye ukuganiza kuti ndabisa bomba m'maluwamu? Bwera ununkhize."

Anthu amene anali kumbuyo kwathu anaseka, koma Travis anangoyang'ana nsapato zake. Ine ndinamuuza kuti anali wopepera ali fomu yoyamba ndipo sanasinthe. Sizinathandize.

Posakhalitsa anatulukira Harlan mwiniwake, atavala chipewa chatsopano, wojambula wa nyuzipepala ali pambuyo. Kuno mkulu wa apolisi timachita kumuvotera, ndipo chisankho chinali pafupi.

"Mayi Eulalie! Musavutike ndi kuyenda. Ndipatseni maluwawo, ndikawaponya ndekha kuchokera m'boti lathu. Ulemu wa apolisi, mwaona? A Clovis akanakondwa."

"A Clovis ankati ndiwe wakuba misampha ya nkhanu ya anzako."

Harlan anaseka mokweza kuti wojambulayo aone ngati ndi nthabwala, n'kutambasula dzanja. Mayiwo anafumbata nkhata yawo pachifuwa.

"Ndilowetse ndi chala chakocho, ndikaponye ndekha. Ndibwerera pompano."

"Malamulo a thandizoli ndi okhwima, mayi. Ndikalola mmodzi, mawa ndilola tauni yonse."

Limeneli linali bodza, ndipo ndinamuuza pamaso pa anthu. Ndinamufunsa kuti andionetse lamulo loletsa mkulu wa apolisi kuperekeza nkhalamba pa mlatho. Anati, "Aphunzitsi, pano si m'kalasi," n'kulowa, geti n'kudzitsekera kumbuyo kwake.

Mayi Eulalie anayenda m'mbali mwa mpanda kufikira pamene madzi ali pafupi kwambiri. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuponya nkhata ija ndi mphamvu zawo zonse. Mkono wa munthu wokalamba sufika patali. Nkhata inakodwa pa waya waminga pamwamba pa mpanda, n'kutsalira pomwepo ikulendewera. Nthawi yomweyo boti la apolisi linadutsa patsogolo pa maboti onse likuliza sairini, wansembe akuliwaza madzi odalitsa.

Travis anabwera ndi ndodo yaitali kuti akowe nkhata ija. Nkhatayo inaduka pakati, maluwa n'kugwera mkati mwa mpanda, pa simenti.

"Nditengereni kunyumba, aphunzitsi," anatero mayiwo.

Harlan anapambananso chisankho. Boti la apolisi lija tsopano limangokhala pa ngolo kuseri kwa polisi, chifukwa thandizolo silinali la mafuta. Geti likugwirabe ntchito. Chaka chino, tsiku lodalitsa maboti, ndinadutsa kwa mayi Eulalie kuti ndiwatenge. Ndinawapeza pakhonde atavala zapakhomo. Sanagule maluwa.