Buku Lonunkha Tiyi

Mpaka lero tiyi wopanda mkaka sindimwa. Anthu amayesa ndi matenda kapena matama a ukalamba, koma ayi, ndi nseru basi. Ndikangomva fungo la masamba a tiyi onyowa, nkhope imene imandibwerera ndi ya alamu anga, amuna a mng'ono wanga, atamanga tayi pa dzuwa la ku Chileka ngati munthu amene akukatsegulira msonkhano.

Amuna anga atamwalira, ine ndinayamba geni ya mabuku akale. Ndinkanyamuka kwathu ku Chileka pa kabaza, katoni ya mabuku itamangidwa kumbuyo, n'kukakwera minibasi pa msewu waukulu mpaka ku Lirangwe. Kumsika kumeneko ndinali ndi benchi yanga. Makolo ankabwera ndi timapepala ta mabuku amene aphunzitsi atchula, ndipo ine ndinkawapezera. Pakamwa ndinali napo, sindikana. Ndinkadzitama msika wonse ukumva kuti pa benchi yanga sipanachokepo buku losowa tsamba.

Kunyumba ndinali ndi buku limodzi losagulitsa. Linali la malemu bambo anga, amene anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni. Analilemba mphunzitsi mnzawo wa konkuno, m'Chinyanja chakale chija, lofotokoza miyambo ndi mbiri ya midzi yathu. Linasindikizidwa kamodzi kokha, mabuku ochepa, ndipo masiku ano anthu okonda zakale amalisaka ngati mankhwala. Koma ine chimene ndinkalisungira sichinali chimenecho. Pa tsamba loyamba, loyera lija, bambo analembapo mayina a ana awo onse asanu ndi anayi, aliyense ndi tsiku lake lobadwa. Pambali pa mayina anayi anajambulapo timitanda ndi tsiku lina. Amenewo ndi abale anga amene sanakule. Bambo polemba ankatsindika cholembera ngati akulima pouma, moti kuseri kwa tsambalo zilembo zinkatukuka. Ndili mwana ndinkatsinzina n'kumapapasa ndi chala, kufunafuna dzina langa.

Alamu angawo ankagwira ntchito pa kashopu ka fotokope m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi anabwera kwathu, ulemu uli tho, chipewa m'manja.

"Alamu, tandibwerekani buku la bambo lija," anatero. "Ana kunyumbaku akufuna aoneko dzanja la agogo awo."

Ndikanakana bwanji? Anawo ndi zidzukulu za mwini buku. Ndinatsegula sutikesi n'kuwapatsa. Patapita masabata awiri analibweza litakulungidwa bwinobwino m'pulasitiki, lomatidwa ndi selotepi mbali zonse.

"Musamalitseguletsegule, mphepo imadya mapepala akale," anandilangiza.

Ndinawathokoza. Tamvani, ndinawathokoza! Ndinawaphikira ngakhale mazira.

Mwezi utatha anabweranso, ulendo uno ndi mabuku asanu ndi limodzi ofanana ndi la bambo lija, lililonse m'pulasitiki yake. Mapepala ake anali ofiirira, m'mphepete modyekadyeka. Anati mphunzitsi wina wokalamba wa ku Kuntaja wamwalira, ndipo ana ake awapeza m'katoni pansi pa bedi. Iwo sangagulitse poti ali pa ntchito, koma ku Lirangwe anthu a magalimoto amaima kugula tomato ndi anyezi, ndipo ena mwa iwo ndi ophunzira odziwa mtengo wa zinthu. Ine mtima unalumpha. Sindinafunse kuti mphunzitsiyo anali ndani, sindinatsegule ngakhale limodzi. Dyera linanditseka m'maso, ndisanamizire wina.

Woyandikana nane pa msika anali bambo wina wachisilamu, wofatsa, wogulitsa masamba a tiyi, zipatso zouma za tende ndi zokometsera ndiwo. Tinakhala limodzi zaka zambiri. Ikakwana nthawi ya mapemphero awo a swala ine ndinkawaonera katundu wawo, iwonso ankaonera wanga ndikapita kukadya. Tsiku limene ndinayala mabukuwo, iwo ananyamula limodzi, pamene pulasitiki inang'ambika pang'ono pa ngodya, n'kuliika pamphuno.

"Mayi, pepani, musandimve molakwa," anatero motsitsa mawu. "Ine mabuku sindiwadziwa, koma tiyi ndimamudziwa. Bukuli lamwa tiyi. Lakhalanso pa utsi wa zitsononkho."

"Aneba, samalani masamba anuwo," ndinawakalipira. "Bukuli ndakula nalo ine. Bambo anga anali nalo lenileni ngati lomweli!"

Anangolibweza pamalo pake. Mawu omwewo, akuti bambo anga anali nalo, ndi amene ndinkauza aliyense wogula, ndikudziguguda pachifuwa.

Awiri oyamba kugula anali abambo a pa galimoto. Wachitatu anali mayi wina wa magalasi, wa imvi ngati ine, amene analitenga osanenerera n'komwe. Sabata yotsatira, dzuwa lili pamutu, mayi uja anabweranso. Kumanja kwake kunali wapolisi, kumanzere bambo wina wa fayilo amene anati amachokera ku ofesi yoteteza ntchito za alembi. Mayiyo anali mwana wa mlembi wa bukulo.

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Anati banja lawo silinalole munthu aliyense kusindikizanso buku la bambo awo. Kenako anang'amba mapulasitiki a mabuku atatu otsalawo, n'kuwayala pa benchi pamodzi ndi lawo lija, onse atatsegulidwa pa tsamba loyamba. Anthu anali atasonkhana kale, azimayi a tomato, a kaunjika, a kabaza. Ndinawerama kuti ndione.

Mayo ine! Dzanja la bambo anga. Pa buku loyamba, pa lachiwiri, pa lachitatu, pa lachinayi. Mayina athu omwe aja, timitanda tomwe tija, ngakhale kadontho ka inki pamene cholembera chinadontha. Abale anga anayi anali atamwalira kanayi pa benchi yanga, pakati pa fumbi ndi ntchentche za msika.

Wapolisi anawerenga mayinawo mokweza. Atafika pa lachisanu ndi chimodzi anandiyang'ana.

"Mayi, dzina lanu lakumtundu ndinu ndani?"

Ndinalitchula. Anthu anati "Haaa!" Wina kumbuyo anaseka. Ndiye ndikanati chiyani? Wakuba wanji amene amalemba dzina lake pa katundu aliyense? Koma umboni unali pomwepo, ndipo unkaloza ine.

Ku polisi anandifotokozera mofatsa, ngati mwana wa sukulu. Ndinkayesa mlandu ndi wa wosindikiza yekha, koma ayi ndithu. Wogulitsa buku lokopedwa popanda chilolezo nayenso ali m'madzi. Pamwamba pa apo, ine ndinkauza ogula kuti ndi akale enieni, ndipo chimenecho ndi chinyengo. Mawu akuti sindinadziwe anati ndikawanene kukhoti, koma ndikonzekere funso lakuti munthu wa zaka zonsezi pa geni ya mabuku amagulitsa bwanji buku osalitsegula. Funso limenelo linandibaya chifukwa linali loona. Katoni yanga yonse anaitenga kuti akaifufuze. Amene anabwera kudzandiimira kuti ndituluke pa belo anali aneba a tiyi aja, amene ndinawakalipira. Sananene ngakhale liwu limodzi londikumbutsa.

Chiyembekezo changa chinali chimodzi: buku lenileni lili m'sutikesi. Ndikalitenga, ndikaonetsa kuti ndinangobwereketsa, ndipo ngakhale zitavuta bwanji, la bambo ndili nalo. M'mawa mwake ndinatulutsa sutikesi pakhonde kuti ndione bwino. Ndinang'amba selotepi ija. Tsamba loyamba linali pomwepo, mayina onse. Ndinapuma. Kenako, mwachizolowezi chabe, ndinatembenuza tsambalo, n'kutsinzina, n'kuyendetsa chala kuseri kwake.

Panali see, ngati mbale yotsukidwa.

Ndinayendetsanso. Palibe. Ndinaliika pamphuno, ndipo fungo linali la tiyi. Mwezi wonse ndi theka ndinali ndikugona pafupi ndi fotokope, ndikuyesa ndikusunga bambo anga. Nthawi yomweyo ndege ina inadutsa pamwamba pa nyumba, malata n'kunjenjemera monga amachitira masiku onse, ndipo ine ndinasanza m'maluwa.

Ndinayenda wapansi kupita kwa mng'ono wanga, osavala n'komwe mpango. Alamu kunalibe, akuti apita ku Madziabango kukaona odwala. Odwala ake ati! Ndinazungulira kuseri kwa nyumba ndekha, ndipo fakitale yonse inali pomwepo. Beseni la madzi a tiyi lochita ndere. Waya wa sefa pamwamba pa phulusa la zitsononkho, pamene ankafukizira mapepala ngati nsomba. Pakona panali katoni yotseka. Nditaitsegula, mphemvu zinabalalika mpaka kundikwera m'manja. Munthu uja ankapaka phala m'mphepete mwa mabuku n'kuwatsekera ndi mphemvu kuti zidye, aoneke okalamba. Mkatimo munali mabuku ena awiri, dzanja la bambo anga lili m'zitosi za mphemvu. Asa!

Mng'ono wanga anaima pakhomo la khitchini, manja atapinda.

"Iwe, unkadziwa?" ndinamufunsa.

"Achemwali, ine ndinkangowiritsa tiyi."

"Kungowiritsa tiyi? Dzina lako lili m'menemo! Akulu ako amene anafa ali m'menemo!"

"Iwo anati ogula amakonda buku lokhala ndi dzanja la munthu wakale. Akuti ndi pamene amakhulupirira."

Ndiye kuti timitanda ta bambo tinali chidindo cha malonda. Ndinafunsa za buku lenileni. Anayang'ana pansi n'kunena kuti linagulidwa sabata yoyamba yomwe ija ndi mlendo wina amene ankakwera ndege tsiku lomwelo. Dzina lake sankalidziwa, dziko lakenso sankalidziwa. Sindinamumenye. Manja ankayabwa, koma ndinaona kuti ndingadetsedwe.

Za kukhoti sindikonda kuzikamba. Ndinanena zonse, ndipo alamu anawagwira n'kuyankha mlandu wawo. Koma ine sindinatuluke woyera. Ndinaima m'kabokosi kaja, mayi wamkulu, wa chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, n'kuvomera kuti ndinagulitsa ndiponso ndinanena zimene sindinatsimikize. Anandilipitsa chindapusa n'kundichenjeza. Mabuku onse abodza analamula kuti awonongedwe, pamodzi ndi lija la m'sutikesi, poti ndinali nditalipereka ndekha ngati umboni. Mutu unali utazungulira moti sindinaganize zokopera mayina ndi masiku aja pa pepala. Mayi wa magalasi uja anandipeza panja. Anati akundikhulupirira, koma bambo awo nawonso anali bambo a munthu, ndipo anafa osadyerera thukuta lawo. Ku Lirangwe ndinabwererako, koma makolo anayamba kutsegula buku lililonse pamaso panga, tsamba ndi tsamba, ena mpaka kulinunkhiza mwachipongwe.

Chaka chatha abale tinagwirizana zomanga ziliza kumanda a kwathu: cha bambo, cha mayi, ndi tina ting'onoting'ono ta ana anayi aja. Mmisiri anabwera ndi pensulo kukhutu n'kufunsa masiku oti alembe pa miyala. Tinayang'anizana. Mayina tinkawakumbuka, ngakhale limodzi tinakanganirana kalembedwe kake. Koma masiku? Awiri anamwalira ine ndisanabadwe. Palibe ankasunga zimenezo m'mutu, chifukwa tonse tinkadziwa kuti zili m'buku la bambo.

Ndinachoka pagulu n'kukaima pansi pa mtengo wa mango kuti anthu asaone misozi. Ndinamva mapazi kumbuyo. Anali alamu, atanenepa bwino, tayi ili pakhosi, kumanda! Anasuzumira uku ndi uku, n'kutulutsa m'thumba kafulashi ka kompyuta komangirira ku makiyi.

"Alamu, musadandaule," ananong'ona. "Zonse ndinasunga umu, apolisi aja sanakaone aka. Tsamba lija lilimo. Ndikupangirani lina labwino, ndaphunziranso kutsindika kuseri ndi msomali. Simudzasiyanitsa n'komwe."

Ndinalavula pansi, pafupi ndi nsapato yawo yopolishidwayo, ndipo ndinawauza mawu amene sindingalembe pano. Miyala inayi ija ili ndi mayina okha mpaka lero, pansi pake pali mpata wopanda kanthu.

Anthu amanditama kuti ndinalimba mtima. Sadziwa. Chimene chimandinyansa kuposa mphemvu, kuposa beseni lija, kuposa alamu enieniwo, ndi ichi: ndisanalavule, dzanja langa linali litayamba kale kutambasuka.